Chilengedwe Pakhomo Pathu: Namasamba, Kanjoka Kobiriwira Kopanda Ululu

Mvula yoyamba ikagwa, fumbi la Okutobala n'kutha, mipanda ya maluwa imaphukira ndipo mitengo ya mango, magwafa ndi mapeyala imadzaza masamba. Nthawi yomweyo m'makomo a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri mumayamba kumveka mfuu yodziwika ija: "Njoka! Njoka!" Wina amathamangira khasu, wina chiduswa cha njerwa, wina botolo la palafini. Posakhalitsa pansi pamakhala patagona kanjoka kobiriwira, kowonda ngati chala, mutu utaphwanyidwa. Anthu amabalalika akuyamikirana kuti apulumutsa ana ku mbobo.

Nthawi zambiri kanjoka kameneko sikakhala mbobo ayi. Kamakhala namasamba, njoka yopanda ululu imene singaphe munthu, galu ngakhale nkhuku. Mwezi uno tiyeni timudziwe bwino mnansi wathu ameneyu. Kumudziwa kumathandiza pawiri. Koyamba, kumatichotsera mantha amene amachititsa anthu kuyatsa moto pafupi ndi nyumba kapena kumwaza mankhwala oopsa pabwalo pamene pamasewera ana. Kachiwiri, kumatiphunzitsa kuti zilipo njoka zina zobiriwira zimene sitiyenera kusewera nazo, komanso zoyenera kuchita wina akalumidwa.

Dzina limodzi, njoka zingapo

Ife timangoti namasamba chifukwa mtundu wake ndi wa masamba, ndipo dzinali ambiri amaitanira njoka iliyonse yobiriwira. Akatswiri a zamoyo amaika anamasamba opanda ululuwa m'gulu lotchedwa Philothamnus, mawu ochokera ku Chigiriki otanthauza wokonda zitsamba. Gululi lili ndi mitundu yoposa 20, ndipo yonse kwawo ndi kuno ku Africa. Njoka za dziko lathu zinalembedwa kale m'buku la R. C. H. Sweeney lotchedwa Snakes of Nyasaland, limene linatuluka mu 1961. Kwa ife a kuno kum'mwera, mitundu itatu ndi imene tiyenera kuidziwa.

Woyamba ndi namasamba wamawanga, Philothamnus semivariegatus, amene anafotokozedwa koyamba mu 1840 ndi Andrew Smith, dokotala wa asilikali wochokera ku Scotland. Kuyambira kumutu kufika chapakati amakhala wobiriwira wokhala ndi timadontho kapena timizere takuda, ndipo ena chakumchira amaoneka ngati mkuwa. Ambiri amatalika masentimita 60 mpaka 90, koma ena amapitirira mita imodzi. Uyu ndi katswiri wokwera mitengo ndi makoma.

Wachiwiri ndi namasamba wa m'madzi, Philothamnus hoplogaster, amene Albert Günther wa ku British Museum ku London anamupatsa dzina mu 1863. Ndi wamfupi kuposa anzake, nthawi zambiri masentimita 60 okha. Msana wake ndi wobiriwira mowala, kumimba n'koyera kapena kwachikasu pang'ono, ndipo ambiri kukamwa kwawo kumakhala kwachikasu. Amakonda madimba, madambo ndi m'mbali mwa mitsinje.

Wachitatu ndi Philothamnus angolensis, amene katswiri wa ku Portugal, Barbosa du Bocage, anamufotokoza mu 1882. Uyu ndi wokulirapo pang'ono, ndipo amakonda mabango ndi mitengo ya m'mphepete mwa madzi.

Onse atatu alibe ululu wovulaza munthu. Mano ali nawo, koma ndi ang'onoang'ono ogwirira chule kuti asapulumuke.

Mmene thupi lake linapangidwira

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukamuona namasamba pampanda, imani patali ndipo mumuyang'anitsitse. Thupi lake ndi lowonda, mchira ndi wautali wosongoka, mutu ndi waung'ono wosiyana pang'ono chabe ndi khosi. Diso ndi lalikulu poyerekeza ndi mutuwo, ndipo kadontho kakuda ka pakati pa diso ndi kozungulira, monga zimakhalira ndi njoka zambiri zoyenda masana. Wamawanga uja kadonthoko kamazunguliridwa ndi mkombero wachikasu kapena wofiirira ngati golide.

Njoka ilibe zikope, n'chifukwa chake siphethira. Anthu amati ikukuyang'ana mwankhanza, pamene mwina ili m'tulo. Diso lake limaphimbidwa ndi kakhungu koonekera ngati galasi. Ikatsala pang'ono kufundula, kakhungu kameneka kamachita mbuu, ndipo kwa masiku angapo njokayo siona bwino, choncho imabisala. Khungu lofundula limene mumalipeza litakodwa pampanda kapena pansungwi za bafa silikhala lobiriwira. Limakhala loyererako, chifukwa mtundu umatsalira pathupi.

Mtundu wobiriwirawo uli ndi nkhani yake. Pakhungu la namasamba palibe utoto wobiriwira. M'kati mwa khungu muli tizinthu tosaoneka ndi maso timene timabweza kuwala kwa buluu, ndipo pamwamba pake pali utoto wachikasu. Ziwirizi zikaphatikizana, diso lathu limaona zobiriwira, monga mwana wa sukulu amachitira posakaniza penti wa buluu ndi wachikasu. Namasamba akafa, utoto wachikasu uja umawonongeka msanga, ndipo mtembo wake umasanduka wa buluu. Ena akaona zimenezi amati ululu watuluka, ena amati njokayo inali yamatsenga. Si ululu, si matsenga. Ndi mmene khungu lake linapangidwira basi.

Lilime lamphanda limene limatuluka kawirikawiri sililuma. Njoka imanunkhiza ndi lilime. Limatola fungo mumpweya ndi pamasamba n'kulipereka ku timaenje tiwiri ta kumwamba kwa m'kamwa, ndipo kumeneko njoka imadziwa ngati padutsa chule, nalimata kapena mdani. Makutu akunja ilibe, koma imamva kugwedezeka kwa nthaka ndi nthambi. Kufuula sikuithamangitsa kwenikweni. Kuponda pansi mwamphamvu kapena kugwedeza nthambi ndi kumene imamva.

Chodabwitsa china chili kumimba. Namasamba wamawanga ali ndi timizere tiwiri tolimba totsata mbali zonse ziwiri za mimba mpaka kumchira. Timizere timeneti timagwira makungwa a mtengo ngati zikhadabo. N'chifukwa chake amatha kukwera khoma la njerwa losapaka pulasitala, n'kulowa pakati pa khoma ndi malata. Sakwera kudzafuna inu. Amatsata analimata amene amabisala kumeneko masana.

Tsiku la namasamba

Thupi la njoka silidzitenthetsa lokha monga lathu. Limadalira dzuwa. M'mawa dzuwa likatuluka, namasamba amakwera pamwamba pa mpanda kapena panthambi yoonekera n'kuwothera. Akatenthedwa m'pamene amayamba kusaka. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, chiperoni chikakuta phiri la Ndirande ndi la Soche, saonekaoneka chifukwa kuzizira kumamufooketsa ndipo sadya kwambiri. Kukayamba kutentha ndi kugwa mvula, achule n'kuyamba kulira m'madambo, iyenso amatakataka. Usiku amagona atadzikulunga panthambi zowonda kapena m'ming'alu.

Amasaka ndi maso. Amayenda pang'onopang'ono, n'kuima, mutu uli m'mwamba, nthawi zina akugwedezeka ngati tsamba lowombedwa ndi mphepo. Akaona chakudya amachithamangira n'kuchigwira. Wamawanga amakonda analimata, abuluzi ang'onoang'ono, abilimankhwe ndi achule a m'mitengo. Wa m'madzi amadya kwambiri achule a m'mabango, komanso tinsomba ndi abuluzi. Amasambira bwino, mutu uli pamwamba pa madzi.

Popeza alibe ululu, nyama imene wagwira amaimeza yamoyo. Mano ake ndi opindikira kumbuyo, choncho chule akamayesa kuthawa m'pamene amakodwa kwambiri. Nsagwada za m'munsi za njoka sizinalumikizane ndi fupa kutsogolo monga zathu. Zinalumikizana ndi mnofu wotamuka. Mbali imodzi imagwira, ina n'kusendera kutsogolo, mosinthanasinthana, mpaka chule wonenepa kuposa mutu wa njokayo atalowa yense. Pomeza, njira ya mpweya imasendera kutsogolo kwa kamwa kuti isabanike. Akakhuta amatha masiku angapo osadyanso.

Tinene zoona: namasamba sadya makoswe. Ntchito imeneyo ndi ya njoka ina yopanda ululu, yofiirira, yoyenda usiku, imene imapezekanso m'makomo mwathu. Namasamba sadya mazira a nkhuku, sagwira anapiye, ndipo sawononga mbewu. Ntchito yake ndi kuchepetsa achule ndi abuluzi kuti asachuluke mopitirira, ndipo iyenso ndi chakudya cha ena.

Mazira, ana ndi adani

Anamasamba amaikira mazira m'nyengo ya dzinja. Wa m'madzi amaikira mazira 3 mpaka 8, wamawanga 3 mpaka 12. Mazirawo ndi oyera, ataliatali, masentimita 3 kapena 4, ndipo chikamba chake ndi chofewa ngati chikopa, osati cholimba ngati cha dzira la nkhuku. Mayi amafuna malo a chinyezi ndi ofunda: pansi pa masamba owola, pamulu wa manyowa, m'mphako kapena pansi pa miyala. Akaikira amachoka osabweranso. Pakatha pafupifupi miyezi iwiri, ana amang'amba chikamba ndi kadzino kapadera kamene kamagwa pambuyo pake. Amatuluka ali aatali masentimita 15 mpaka 30 malinga ndi mtundu wawo, owonda kuposa pensulo, ndipo kuyambira tsiku lomwelo amadzisakira okha.

Ambiri safika pokula. Akabawi ndi mbalame zina zolusa, nyenga, amphaka, nkhuku ndi njoka zinzawo amawadya. Mbalame zing'onozing'ono monga apumbwa zikaona njoka mumtengo zimasonkhana n'kuyamba phokoso lalikulu. Mukamva apumbwa akulongolola pamalo amodzi osachoka, auzeni ana asakwere mtengo umenewo.

Chida chachikulu cha namasamba ndi kubisala ndi kuthawa. Akaona munthu amaima chilili kudalira mtundu wake, ndipo mukayandikira amalowa m'masamba ngati mphezi. Akapanikizidwa kopanda kothawira amafufumitsa khosi, ndipo kwa wamawanga khungu la pakati pa mamba ake limaoneka la buluu wowala. Amachita zimenezi kuti aoneke wamkulu ndi woopsa. Mukamugwira amaluma ndithu, koma bala lake limakhala ngati mwakandidwa ndi minga.

Kwawo mu mzinda wathu

Blantyre ndi mzinda wa mapiri ndi timitsinje. Mudi ndi Nasolo amadutsa ku Ndirande, Naperi amadutsa chakufupi ndi Zingwangwa, Likhubula ali chakumunsi kwa Chilomoni, Lunzu ali ku Machinjiri. M'mbali mwa mitsinje imeneyi, m'madimba a mpiru ndi nzimbe, m'mabango a ku damu la Chimwankhunda, ndi m'nkhalango yotsala ya ku Michiru ndi mmene muli kwawo kwenikweni kwa anamasamba. Pamene mitengo ya m'phiri la Ndirande, la Soche ndi la Bangwe yatha ndi nkhwangwa, nyumba n'kukwera mpaka m'mapiri, malo obiriwira amene atsala ndi a pakhomo pathu: mpanda wa maluwa, nthochi za kuseri kwa bafa, mtengo wa mango wa pabwalo. Sikuti njoka zikutilowerera. Ife ndi amene tinamanga kwawo.

Namasamba wa m'madzi amatiuzanso kanthu za mtsinje. Iye amakhala pamene pali achule, ndipo achule khungu lawo limamwa chilichonse chili m'madzi. Mtsinje ukadzaza zinyalala, mafuta a galimoto ndi zonyansa za m'zimbudzi, achule amachepa ndipo njoka zowadya zimasowa. Mukamuona padimba lanu, dziwani kuti malowo akadali ndi moyo.

Obiriwira awiri oyenera kuwaopa

Apa m'pofunika kumvetsetsa, chifukwa si njoka yobiriwira iliyonse imene ili yofatsa.

Yoyamba ndi mbobo yobiriwira, imene pa Chingerezi amati green mamba. Imakonda nkhalango zowirira ndi mitengo ikuluikulu, monga za ku Mulanje, Thyolo ndi Nkhata Bay. Ikakula imafika pafupifupi mamita awiri kapena kupitirira, thupi lake ndi lonenepa kuposa la namasamba, ndipo mutu ndi wautali wa mbali zowongoka ngati bokosi la maliro. Ululu wake umafooketsa minyewa mpaka munthu kulephera kupuma. Mwana wake amaswa ali kale ndi ululu, ndipo kutalika kwake sikusiyana kwambiri ndi namasamba wamng'ono. Choncho kuchepa kokha si umboni woti njoka ilibe ululu.

Yachiwiri ndi boomslang, dzina la Chiafrikaans lotanthauza njoka ya mumtengo. Ena kuno amaitchanso mbobo. Yaimuna nthawi zambiri ndi yobiriwira, ina yokhala ndi mizere yakuda m'mphepete mwa mamba ake, pamene yaikazi imakhala yofiirira kapena yotuwa. Mutu wake ndi waufupi wooneka ngati dzira, diso ndi lalikulu kwambiri, ndipo khungu silisalala ngati la namasamba. Ndi yamanyazi ndipo siluma wamba, koma ululu wake umalepheretsa magazi kuundana. Choopsa n'chakuti wolumidwa amatha kukhala bwinobwino kwa maola ambiri, ngakhale tsiku lathunthu, asanayambe kutuluka magazi m'nkhama, m'mphuno ndi m'mikodzo.

Mu Seputembala 1957, Karl Schmidt, katswiri wa njoka wotchuka wa ku Field Museum mumzinda wa Chicago ku America, anagwira boomslang yaing'ono pofuna kuizindikira, ndipo inamuluma pachala. Poganiza kuti kanjoka kakang'ono chotero sikangamuphe, sanapite kuchipatala. Tsiku lotsatira anamwalira. Mu 1975 katswiri wina wa ku Germany, Robert Mertens, anafa atalumidwa ndi nalikukuti, njoka yowonda yooneka ngati kamtengo kouma imene ifenso tili nayo. Ngati anthu amene anathera moyo wawo wonse akuphunzira njoka anapusitsika, kuli bwanji ine ndi inu titaona chinthu chobiriwira chikudutsa m'masamba?

Lamulo la pakhomo likhale ili: njoka yobiriwira iliyonse, osaigwira, osaiputa, osaipha. Lamulo limodzi lomweli limateteza namasamba kwa ife, ndipo limateteza ife ku mbobo.

Zimene timamva

Ena amati namasamba amadikira mumtengo kuti adumphire munthu pamutu. Zoona zake n'zakuti akadzidzimuka amadzigwetsa pansi pothawa, ndipo ngati munaima pansi pa nthambiyo angakugwereni mwangozi. Ena amati namasamba ndi mwana wa mbobo, akakula adzakhala ndi ululu. Ayi, ndi mitundu yosiyana monga njiwa ndi kabawi. Namasamba amakalamba ali namasamba. Ena amati mukapha imodzi inzake imabwera kudzalipsira. Njoka sisunga mangawa. M'nyengo yokwerana yaimuna imatsata fungo la yaikazi, n'chifukwa chake nthawi zina mumaona ziwiri pamalo amodzi.

Chikhulupiriro chowawa kwambiri ndi choti njoka yolowa m'nyumba yachita kutumidwa. Mawu amenewa adanitsa anansi, apatukitsa abale, ndipo aika m'mavuto agogo osalakwa amene amalozedwa zala. Kanjoka kamene kakwera khoma kutsata nalimata sikadziwa dzina la mwini nyumba. Musalole kuti chinthu chowonda ngati chala chiphwasule ubale wa zaka zambiri.

Mukamuona pakhomo

Ngati ali pampanda kapena mumtengo, itanani ana, mangirirani galu, ndipo mumusiye. Pakapita kanthawi adzachoka yekha. Anthu ambiri amalumidwa ndi njoka pamene akuyesa kuipha kapena kuigwira, chifukwa kuti muimenye muyenera kuiyandikira, ndipo njoka yovulala imaluma chilichonse.

Ngati walowa m'nyumba, tulutsani ana m'chipindamo, tsekani zitseko zopita ku zipinda zina, tsekulani chitseko kapena zenera lotulukira kunja, ndipo muime patali mukuona kumene akupita. Nthawi zambiri amatuluka yekha. Ngati njokayo ndi yaikulu, kapena mukukayika, tsekani chipindacho, ikani nsalu kunsi kwa chitseko, ndipo funsani thandizo kwa odziwa kugwira njoka kudzera kwa a nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire.

Musathire palafini kapena petulo, ndipo musawotche matayala kapena mapulasitiki kuti muithamangitse. M'malo monga Ndirande, mmene nyumba zinathithikana, moto woyatsira njoka ungathe kupsereza mabanja angapo, ndipo utsi wake umavulaza mapapo a ana ndi a odwala mphumu. Mankhwala a m'munda ndi a m'chimbudzi amene anthu amamwaza kuzungulira nyumba saletsa njoka kubwera; amangoika pangozi mwana wokwawa, nkhuku ndi madzi a pachitsime.

Chimene chimathandiza ndi ukhondo wa pabwalo. Tchetchani udzu wozungulira nyumba. Dulirani nthambi zokhudza denga ndi mazenera. Milu ya njerwa, malata akale ndi nkhuni ikhale patali ndi khomo. Matani ming'alu ya m'makoma ndi mipata ya kunsi kwa zitseko. Sungani chimanga ndi zotsala za chakudya motsekedwa kuti makoswe asachuluke, pakuti makoswe ndi amene amaitana njoka zoopsa zenizeni monga mphiri ndi mamba yolavula. Usiku popita kuchimbudzi valani nsapato ndipo nyamulani tochi. Gonani m'neti yopisiridwa bwino kunsi kwa mphasa kapena matilesi. Imateteza ku udzudzu ndi ku njoka zomwe.

Ana aphunzitseni mawu atatu: ima, bwerera, kanene. Mwana akabwera n'kunena kuti, "Amama, pagwafa pali njoka," muyamikireni. Mukamukalipira kapena kukuwa, ulendo wina adzabisa, kapena adzatenga legeni n'kukalimbana nayo yekha. Muimirire naye patali, mumuonetse mtundu wake, mmene ikutulutsira lilime, mmene ikuyendera. Mwana amene waphunzira kuyang'ana modekha amakhala wotetezeka kuposa mwana amene anangophunzira kuopa.

Munthu akalumidwa

Bungwe la World Health Organization limati chaka chilichonse anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa padziko lonse chifukwa cholumidwa ndi njoka, ndipo ena ochuluka kuposa pamenepo amadulidwa ziwalo kapena kulumala. Mu 2017 bungweli linaika vutoli pa mndandanda wa matenda a m'maiko otentha amene amanyalanyazidwa, ndipo pa 19 Seputembala chaka chilichonse ndi tsiku lokumbutsana za ngoziyi. Ambiri mwa anthu amenewa amafa chifukwa chofika mochedwa kuchipatala.

Bala la namasamba weniweni limangofunika kutsuka ndi sopo ndi madzi oyera, ndi kuonetsetsa kuti katemera wa kafumbata ndi wokwanira. Koma popeza taona kuti kusiyanitsa njoka zobiriwira n'kovuta, aliyense wolumidwa apite kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale akumva bwino.

Muchotseni pamalo pamene pali njoka. Mukhazikeni mtima pansi ndipo asathamange. Vulani mphete, zibangili, wotchi ndi nsapato chifukwa chiwalo chingatupe. Chiwalo cholumidwacho chisagwedezeke. Chimangirireni mosathina ku kathabwa kapena ndodo monga timachitira ndi fupa lothyoka. Munyamuleni kapena mupezereni galimoto. Kumbukirani nthawi imene walumidwa ndi maonekedwe a njokayo. Ngati wina angaijambule pa foni ali patali, zili bwino, koma musataye nthawi kuisaka, ndipo musanyamule njoka kupita nayo kuchipatala.

Musamange chingwe kapena mphira mothina, chifukwa kutero kumapha chiwalo. Musateme mphini, musayamwe bala, musapake zitsamba, palafini kapena phulusa, ndipo musadalire mwala wakuda. Musamupatse aspirin kapena brufen, popeza zimawonjezera kutaya magazi. Ngati akumva kuwawa, panado ndi wokwanira. Akayamba kusanza kapena kufooka, mugonekeni chammbali. Ngati mamba yamulavulira m'maso, tsukani masowo ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15 kapena 20, kenako pitani kuchipatala.

Zipatala zazing'ono za ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi South Lunzu zili pafupi nafe, ndipo matenda aakulu zimawatumiza ku Queen Elizabeth Central Hospital. Ngati wolumidwa akuvutika kupuma, zikope zikugwa, akulephera kumeza, kapena akutuluka magazi, uzani achipatala mwamsanga kuti asakuikeni pamzere. Adokotala akanena kuti agone kuti amuone kwa tsiku lathunthu, musakane n'kumati ali bwino. Nkhani ya Karl Schmidt ija ikhale phunziro.

Apa pali chinthu china choyenera kuchidziwa. Popeza njoka zambiri zilibe ululu, ndipo ngakhale zaululu nthawi zina zimaluma osathira ululu, anthu ambiri olumidwa amachira okha. Wolumidwa ndi namasamba akapita kwa wotema mphini amachira, ndipo mbiri imafala yoti mankhwalawo ndi amphamvu. Tsiku lina wolumidwa ndi mphiri kapena mbobo amapita komweko, n'kutaya maola amene akanapulumutsa mwendo kapena moyo wake. Kumudziwa namasamba kumatithandiza kuona chinyengo chimenechi.

Mnansi woyenera kumusiya

Namasamba sakupemphani chakudya kapena malo ogona. Akungofuna nthambi yowotherapo dzuwa ndi mpata wodutsa. Zolengedwa zina timazisunga chifukwa zimatipatsa mazira, mkaka kapena uchi. Zina tiyenera kuzisiya chifukwa chakuti sizinatilakwire, ndipo kuyang'anira dziko kumene tinapatsidwa sikutanthauza kupha chilichonse chimene sitikuchidziwa. Ana athu amaphunzira chifundo kapena nkhanza poona mmene manja athu amachitira ndi chinthu chofooka kuposa ife.

Dzinja lino khalani pansi ndi banja lonse, mugwirizane zinthu zitatu: ndani adzatchetcha ndi kuchotsa milu ya zinyalala pabwalo, tochi izikhala pati usiku, ndipo wina akalumidwa mudzapita kuchipatala chiti, pa galimoto ya ndani. Kambiranani zimenezi kukadali bata, ngozi isanagwe.